Musadule Misangu Yotsalayo, Achimwene

West Bay, Doha
Okutobala 2020

Okondedwa achimwene a Overton,

Landirani moni wochokera kuno kutali, inu pamodzi ndi alamu anga a Cynthia ndi ana onse. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko ku Bwanje? Msana uja umakuvutani mukapalasa njinga mtunda wautali unaleka? Nanga mwana wanu Grayson chifuwa chija chinatha? Ine kuno thupi lili bwino, matenda avutawa sanandikhudze, Mulungu akundisunga.

Koma mtima wokha suli m'malo. N'chifukwa chake ndasankha pepala m'malo moimba foni. Pa foni mumandidula mawu, mumaseka, kenako netiweki imathawa ndisananene chimene ndimafuna. Pepala simungalidule mawu. Ndilijambula n'kulitumiza pa foni ya alamu, ndipo ndikupempha kuti muliwerenge mutakhala pansi.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Njerwa zija ndaziona pa chithunzi chimene alamu anatumiza. Ndi zambiri, zoumbidwa bwino, ndipo ndikudziwa kuti madzi ake munatunga kutali, dzuwa likuswa mtengo. Mwagumula chulu chonse cha m'mphepete mwa munda kuti mlongo wanu akadzabwera asadzagone m'nyumba ya udzu. Thukuta lanu sindikulinyoza ayi.

Koma nditachikulitsa chithunzicho ndi zala, maso anga sanakhale pa njerwa. Kuseri kwa mutu wanu, pamene pamayenera kuoneka msangu waukulu wa kumtunda kwa munda wa amayi, panali thambo lokhalokha. Ndinachikulitsabe mpaka nkhope yanu inasiya kudziwika. Thambo basi.

Ndinawaimbira alamu nthawi yomweyo. Poyamba anazemba, akuti sakundimva bwino. Nditawapanikiza anaulula kuti a Macfussy odula mitengo aja anabwera ndi makina awo ochekera n'kuugwetsa, ndipo nkhuni zake mwaunjika pafupi ndi uvuni. Anawonjeza kuti nkhunizo sizikwana kuwotcha njerwa zonse, ndiye misangu itatu yotsalayo idzagwa a Macfussy akangobwerako ku Balaka kumene apita kukakonzetsa makina. Musawakalipire alamu. Ndinawaumiriza ndine, ndipo pakamwa panga mukupadziwa.

Chimvereni zimenezi ndikungozungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Dzulo ndinasiya chakudya pa khomo lolakwika, bwana wathu wa ku Philippines n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndikanamuuza kuti ndikudwala mtengo, akanandimva?

Ndikuuzeni mmene tikukhalira kuno, mwina mumvetsa. Hotela yathu anaisandutsa malo osungirako anthu ofika kumene pa ndege, kuti akhale kwaokha mpaka atapimidwa. Ntchito yanga ndi kukankha kangolo ka chakudya, kuika mbale pakhomo, kugogoda, n'kuthawa chitseko chisanatsegulidwe. Ndimavala chipulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi, moti mutandiona mungaseke mpaka kugwa. Tikaweruka basi imatitenga kupita kumene timagona, m'mawa n'kutibweza. Mazenera a hotelayi satseguka. Ndikafika pa nsanjika ya pamwamba ndimaima pang'ono n'kumayang'ana pansi, kufuna chilichonse chobiriwira.

Mitengo iliko, m'mbali mwa misewu, yofanana msinkhu ngati ana a sukulu pa mzere. Uliwonse uli ndi kapaipi kakuda patsinde kamene kamadontheza madzi. Amene amasamala ya pa hotela pathu ndi a Chester, bambo wa ku Kasungu, ndipo timacheza nawo ku khomo la kumbuyo tikamadikira basi, wina uku wina uko. Anandiuza kuti matenda atavuta, kampu imene amagona inatsekedwa, palibe amaloledwa kutuluka. Paipi ina inaphulika, panalibe woikonza, ndipo mzere wonse wa mitengo unauma. Atatsegula, kunabwera lole, n'kuzula youmayo, n'kuika ina ikuluikulu kale. M'mawa mwake munthu wodutsa sakanadziwa kuti panafa chinthu.

Mawu awo sindiwaiwala. Anati: "Sister, kuno mtengo uli pa contract ngati ife tomwe. Akangotseka paipi, khalas, zatha, abweretsa wina." Anaseka, inenso ndinaseka.

Anandiuzanso kuti ku nyumba za olemera ku Onaiza amathira ndowe zogula m'matumba, zochokera kutsidya kwa nyanja, zokhala ndi chithunzi cha ng'ombe pamwamba. Ndowe, achimwene! Zimene Grayson amaponda popita kusukulu n'kumatukwana.

Tsono ganizani za misangu yathu. Ndani anaithirirapo? Ndani anaiikira paipi? Mvula ikayamba, misangu imayoyola masamba yokha, chimanga n'kupeza dzuwa, masambawo n'kuwolera m'mizere. Chilimwe chikafika, mitengo ina yonse ili mbee, iyo ndi pamene imabiriwira. Chaka chija feteleza wotsika mtengo anatiphonya, mukukumbuka kuti tinakolola kuti? Kumunsi kunali timapesi tonga bango, koma pansi pa misangu chimanga chinali chakuda bii, zisononkho zosakwana m'dzanja. Munanyamula nokha madengu amenewo, musandiuze kuti mwaiwala.

Komanso mitengo imeneyo si ya ife tokha, ngakhale ili m'munda mwathu. Anthu akakolola n'kumasula mbuzi, za mudzi wonse zimathera kumeneko. Mwezi uno womwe uno, udzu utapsa, zimakhala zikutola nyemba zogwa mu msangu n'kugona pamthunzi, ndipo pochoka zimatisiyira manyowa. Amayi sanathamangitsepo mbuzi ya munthu m'munda muja nthawi ya chilimwe. Inu muli mnyamata munkazigenda, iwo n'kukukalipirani kuti mukugenda aganyu.

Ndipo mukudziwa chimene chinachitika amayi atadwala. Ine ndinali nditangofika kuno, inu munali nawo ku chipatala, mvula ili pafupi, munda osagalauza. Munandiuza nokha kuti pobwerera munapeza mizere itatha. A Zainabu, amayi amasiye aja a kumalire a kumunsi, anamema anthu n'kubwera ndi makasu. Mutafuna kuwathokoza ndi nkhuku anakana, akuti mbuzi zawo zimakhuta m'munda umenewo chaka ndi chaka, ndiye iwo sakanauyang'ana ukugonera.

Kodi a Zainabuwo mwawafunsa? Mbuzi zawo ndi zimene zimawagulira sopo ndi mchere. Alamu akuti tsiku logwetsa msangu waukulu anabwera, anaima pa malire manja ali kumbuyo, sanayankhule kanthu, kenako anabwerera. Ine zimenezi zandiwawa kuposa mtengo womwewo. Mayi amene uja sakhala chete.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa tinayamwa bere limodzi. Munena kuti mvula yayandikira, ndipo njerwa zosawotcha zikanyowa zisungunuka, ntchito yonse n'kupita pachabe. Munena kuti nkhuni zogula zadula, ndipo kuphiri sakulola kudula. Munena kuti mtengo umamera wina. Zoona, umamera. Koma msangu uja amayi anaupeza uli kale waukulu pamene ankayamba kulima. Inu ndi ine sitidzakhala pansi pa umene mungabzale lero.

Ndipo chenicheni chimene simunganene ndichinena ine. Mukuopa pakamwa pa anthu. Mukuopa kuti azidzati mlongo wake wa Overton anapita ku Qatar n'kubwerako chimanjamanja, alibe ndi nyumba ya njerwa zowotcha yomwe. Ndikumvetsa, ndipo ndikudziwa kuti mukutero pondikonda. Koma anthu omwewo akadzaona munda uli mbee ngati bwalo la mpira adzanenanso zina. Asiyeni anene, pakamwa sipatopa.

Tsopano nkhani imene sindinauze aliyense kumudziko.

Kuno kwatuluka lamulo latsopano. Kale munthu sukanasintha ntchito popanda kalata ya chilolezo yochokera kwa bwana wako, ndipo bwana akakana, unkangokhala. Pano akuti ukhoza kupereka notisi n'kuchoka. Kumene timagona anthu sakukambanso china. Aliyense ali pa foni, aliyense ali ndi msuweni amene akudziwa kampani yabwino. Mnzanga wa chipinda chimodzi, Mutinta wa ku Lusaka, wapeza kale malo ku Al Duhail, ku nyumba za mipanda italiitali. Tsiku lililonse amandikoka: "Iwe Dorcas, yalla, fulumira, panga chabe transfer, ma-villa yafuna ma-housekeeper, salary ni better."

Notisi ndapereka, achimwene. Koma sindikupita ku Al Duhail. Ndikubwera kumudzi.

Ndikuona nkhope yanu mukuwerenga pamenepa. Munkayembekeza kuti ndisainanso zaka zina kuti nyumba ithe, ifoleredwe malata, iikidwe magalasi. Mutinta naye akuti ndapenga, khomo latseguka kumene ine n'kumatulukira kumbuyo. Koma lamulolo nditalimva, ndinadzifunsa kuti ngati ndili womasuka kupita kumene ndikufuna, ndikufuna kupita kuti? Yankho silinachedwe. Ndatopa ndi kugogoda pa zitseko n'kuthawa. Ndatopa ndi mphepo ya makina. Ndikufuna kugwira dothi, kupsa ndi dzuwa lakwathu, kukangana ndi a Zainabu za malire kenako n'kubwerekana mbewu ya nandolo.

Notisi ikutha mu Disembala. Akandipima n'kupezeka ndili bwino, ndikwera ndege, ndipo mwina ndipeza chimanga chikufuna kupalira koyamba. Kangachepe kamene ndasunga ndikufuna kugula mbuzi zazikazi ndi pampu yopalasa ya kudimba. Nzeru zonsezi zaima pa munda uja, ndipo munda uja waima pa misangu. Mukaidula, ndiye kuti chaka chilichonse ndizidzathamangira feteleza wa m'sitolo, ndipo akadzandikanika ndidzayambanso kufunsa za ndege. Mudzakhala mwandimangira nyumba yokongola yoti ndizidzaitseka n'kubwerera kuno.

Sindikufuna kuyankhula ngati tili pa mlandu. Tonse tikudziwa kuti amayi anasiya munda uja m'manja mwanga monga mwana wamkazi, ndipo inu ndinu mwini mbumba, wotiyang'anira. Mwauyang'anira bwino zaka zonsezi, ine kulibe. Sindikulamula. Ndagwira mwendo wanu, achimwene, ngati mmene ndinkachitira ndili kamwana mukafuna kundisiya popita kumsika.

Chonde chitani izi. A Macfussy akabwera, apatseni madzi akumwa, muwauze kuti mwini munda wakana. Mukachita manyazi, nenani kuti mlongo wanga ndi wouma mutu, savomera za anthu. Palibe angakutsutseni, amandidziwa.

Nkhuni za msangu wagwa kalewo wotcherani njerwa zimene zingakwane, chifukwa mtengowo sungadzukenso. Zikhale za maziko ndi m'makona. Makoma timange ndi zosawotcha, zipinda ziwiri basi, khonde lalikulu loteteza mvula. Amayi anakhala m'nyumba yotero moyo wawo wonse ndipo sinawagwere. Zotsala muzifunditse udzu.

Chitsa chija musachiwotche. Nthawi zina chimaphukira. Ndipo timisangu ting'onoting'ono timene timamera m'mizere, uzani olima asatisadze ndi khasu, azitizungulira.

Mupitenso kwa a Zainabu. Musatume alamu, mupite nokha. Muwauze kuti Dorcas wapereka moni, wati mbuzi zibwere monga kale, mthunzi wachepa koma ulipo.

Mwina mufunsa kuti nanga mvula ikabwera msanga, udzu n'kulephera, njerwa zonse zija n'kusungunuka? Ndaganiza zimenezo kwambiri, ndipo zikundipweteka chifukwa cha msana wanu. Koma zikasungunuka zisungunuke. Ndi dothi la pachulu limene lija, lomwe amayi ankatisenzetsa m'madengu kukamwaza pamene chimanga chafooka. Silipita kulikonse, lili m'munda mwathu momwemo. Ndikadzafika ndidzalimwaza ndekha, ndipo pa malo a uvuniwo ndidzabzala maungu. Oyamba kukhwima adzakhala anu, mudzadye mukundinena.

Koma ndikadzapeza zitsa zinayi, achimwene, sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji. Ndidzalowa m'nyumbamo, ndidzathokoza pamaso pa anthu monga mwa ulemu, koma khoma lililonse ndizidzaliona ngati phulusa la munda wa amayi. Ndikunena poyera kuti musadzati sindinanene. Ndili ndi mantha kuti kalatayi ifika makina a a Macfussy atakonzedwa kale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti chinsinsi chawo ndachiulula koma ndidzawapepesa ndi nsalu. Moni kwa Grayson ndi azing'ono ake, kwa azakhali, ndi kwa onse a ku tchalitchi. Muzisamba m'manja, ndipo pa maliro musamathithikane, matendawa si nthano. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu, akufewetseninso mtima pang'ono pokha.

Mukawerenga musandiimbire kuti tikangane. Tengani foni ya alamu, mupite kumunda, muime pansi pa misangu yotsalayo. Njerwa musandijambulirenso, ndaziona. Lozetsani foniyo kumwamba, mundijambulire masamba.

Ine mlongo wanu wosamva uja,
Dorcas