Zuze Wasoka Munthu

Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Chiromo. Tonse tili moyo, kungoti bondo lija likuwavutabe amayi. Kaya inu ku Halaleko?

Nkhani ndi ya mwana wanu Zuze. Dokotala wa pachipatala chathu anatsala pang'ono kumuchotsa pa maphunziro osoka mabala, poti amamanga mfundo za ukonde n'kumakoka ngati ali m'bwato. Ine zinandipsetsa mtima. Ndinapha mbuzi yanga, n'kuicheka ntchafu, n'kumupatsa singano. Ndinati, "Soka apa, iwe! Munthu si ukonde, khungu limang'ambika. Mbuziyi siilira, lakwitsa mpaka utope." Iye kusoka, ine kumasula, mpaka dzuwa kupendeka. Zaka zonse ndatsuka mabala pachipatala pano palibe anandiphunzitsa, koma ulusi wothina ndimauona.

Lachitatu anthu anabwera ndi msodzi wa ku Makhanga, ng'ona itamung'amba mwendo. Dokotala analoza Zuze. Mnyamatayo anasoka mofatsa. Dokotala anayang'anitsitsa, ndipo sanamasule mfundo ngakhale imodzi. Zuze sachotsedwanso.

Mumutumizire lumo lakuthwa lodulira ulusi. Mbuzi ija tinaidya tikulavula ulusi. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tomasi