Tinsomba ta Ireen, Timadontho Tanga

Lolemba, 10 Marichi

Kutentha. Mvula yangoopseza, osagwa. Ana a Fomu 2 phokoso tsiku lonse.

Madzulo Gideon wandionetsa tsamba la pa intaneti lomwe akupangira Ireen, mwini resitoranti yatsopano ija kujeti, padoko la sitima. Mwamuna wanga kusangalala ngati mwana wakhoza mayeso. Mndandanda wa zakudya: chambo, batala, mpunga wa kilombero, mbalagha. Kutsogolo kwa chakudya chilichonse kansomba kakang'ono kabuluu. Pakati pa chakudya ndi chinzake kamzere kowonda ngati ulusi. Zokongola, ndisaname. N'chifukwa chake zandiwawa.

Ndatsegula tsamba langa la makeke, lomwe iye yemweyo anandipangira zaka zitatu zapitazo. Timadontho takuda ngati ndowe za mbuzi. Mayina a makeke othithikana, la ukwati pamwamba pa la befide, popanda popumira.

Lachitatu, 12 Marichi

Ndamufunsa mofatsa, ndikusita malaya ake, kuti tinsomba tija ndi ntchito yovuta kodi. Yankho: "Aaa, zija n'zongosewera, CSS basi, mphindi khumi."

Mphindi khumi! Ndiye sabata ziwiri zonsezi akukatani kujetiko? Ndipo ngati ndi mphindi khumi, ine m'zaka zitatu sanandipezere mphindi khumi? Kulikonse komwe ndingaitembenuzire nkhaniyi, yondipweteka ndi ine.

Kolala ya malaya oyera ndaiwaulako pang'ono. Sinali dala. Ndikuganiza kuti sinali dala.

Loweruka, 15 Marichi

Keke ya chinkhoswe ku Vinthukutu. Yafika bwino, kirimu sanasungunuke. Pobwera ndatsikira kujeti, ati kugula nsomba.

Ndawapeza, Gideon ndi Ireen. Tebulo limodzi, laputopu imodzi, mitu pafupi. Chitumbuka chothamanga, kuseka. Zaka zisanu ndi chimodzi ku Chilumba kuno, moni ndimamva, zapamsika ndimamva, koma akayamba kuseka ndimatsala panja. Ine wa ku Ntcheu ndaima pakhomo ndi beseni lopanda kanthu.

Ireen waimirira, mano onse panja: "Alamu, yewo chomene potibwereka abambo, ali ndi luso." Potibwereka! Ngati wilibala.

Ankakambirana za mtundu wa timizere, ati buluu wa nyanja kapena wa kumwamba. Ine palibe anandifunsapo mtundu womwe ndimakonda. Nsomba sindinagule.

Lamulungu, 16 Marichi

M'tchalitchi, ulaliki uli mkati, foni pansi pa chitenje, ndikuyang'ana mndandanda wa Ireen. Mulungu andikhululukire.

Ndaona chinthu. Pansi pa chakudya chomaliza palibe kamzere. Zina zonse zili nako, chomaliza ayi, kuti kumapeto kuoneke kwaudongo. Mpaka zimenezo anaziganizira. Munthu amene amaiwala kutseka geti ya nkhuku.

Masana akugona ndayang'ana foni yake. Manyazi ndili nawo, koma ndayang'ana. Palibe kanthu. Mauthenga a nsomba ndi mizere basi, "monire" ndi "yewo". Bola ndikanapeza kanthu, ndikanadziwa chomwe ndikulirira. Ndikauze ankhoswe kuti chiyani, kuti mwamuna wanga wandimana timizere?

Lachiwiri, 18 Marichi

Nthawi ya nkhomaliro m'chipinda cha makompyuta kusukulu. A Chakufwa, aphunzitsi a kompyuta, andionetsa kudina kumanja kuti uone m'mimba mwa tsamba lililonse. Afunsa kuti n'zachiyani. Ndati phunziro la ana. Apita kukadya, ndatsala ndekha.

Ndatsegula m'mimba mwa tsamba la Ireen. Ndakopera m'kope la maresipi. list-style: none, timadontho timafa. li::before, pamenepo ndi pomwe pamakhala kansomba. border-bottom: 1px solid, ndiko kamzere kaja. li:last-child, ndiye chomaliza chopanda mzere chija.

Mizere yochepa chabe, siikwana ndi resipi ya sikono. Ndaseka ndekha. Kenako mkwiyo.

Pasiwedi ya tsamba langa ili kuchikuto kwa kope lomweli. Analemba yekha, kalelo.

Lachinayi, 20 Marichi

Masiku awiri osadya nkhomaliro.

Dzulo tsoka. Ndinajambula kakeke kanga kuti kakhale m'malo mwa dontho, koma sindinakauze kukula kwake. Keke inadzaza foni yonse, mayina kuthawira m'mphepete. Ola lathunthu tsamba lili choncho, aliyense kuona. Thukuta. Lero ndaipatsa width ndi height, yakhala pansi. Kenaka ndapeza kuti ndinadumpha list-style, dontho ndi keke zaima limodzi ngati mitala. Ndachotsa dontho. Kukoma kwake!

Magetsi anathima ndisanasunge. Kuyambiranso.

Gideon wabwera akununkha nsomba yokazinga. "Ndadya kale." Mwana wathu Thandi ndi ine tadya awiri. Mwana wafunsa ngati adadi akugwira ntchito yophika masiku ano. Sindinamukalipire.

Lachisanu, 21 Marichi

Zatheka.

Timakeke tating'ono, tofanana, tondondozana bwinobwino. Timizere tapinki, osati tabuluu. Ndaonjezera padding kuti mayina apume. Pansi pa keke yomaliza palibe mzere. Ndipo ndachita chomwe iye sanachite kwa Ireen: makeke a ukwati ali ndi kamphete m'malo mwa kakeke. Ndinangopereka class ina. Palibe wandiuza, ndaganiza ndekha.

Ndayang'ana pa foni yanga, pa ya ahedi, pa kompyuta. Paliponse zili bwino. Ndinayenera kusangalala. Ndasangalala pang'ono. Koma munthu woyamba yemwe ndafuna kumuonetsa ndi yemweyo.

Sindimuonetsa. Aone yekha, ngati tsamba langa amalitsegula n'komwe.

Lamulungu, 23 Marichi

Sanaone.

Lachiwiri, 25 Marichi

Sanaonebe. Dzulo foni ndinaisiya dala patebulo, tsamba lili chotsegula. Anaisuntha kuti aike kapu.

Lachitatu, 26 Marichi

Folo koloko njinga yamoto pakhomo. Gideon sanafikepo nthawi imeneyi chiyambire mwezi uno.

Wamuonetsa tsamba langa ndi Ireen. Akufuna keke ya tsiku lotsegulira resitoranti, analowa patsamba langa, n'kumufunsa kuti bwanji akazi anu munawapangira zokongola chonchi, ine ayi. Ati nayenso akufuna zizindikiro ziwiri, cha nsomba ndi cha nyama.

Gideon walowa kukhitchini chipewa chili kumutu. Foni m'manja. Palibe moni. "Mayi a Thandi, wakupangirani ndani?"

Sabata yonse ndakhala ndikukonzekera funso limeneli. Yankho linali pamlomo: ndine, ndekha, nthawi ya nkhomaliro, ndi njala. Koma ndamuyang'ana nkhope. Mlomo wouma, maso osakhazikika, kumwetulira kokakamiza. Ndikuidziwa nkhope imeneyo, ndaivala mwezi wonse.

Ndapitiriza kusefa ufa.

Wafunsanso. Ati ntchitoyi ndi ya munthu wodziwa. Ati pasiwedi mwamupatsa ndani. Kachitatu mawu atsika: "Ndi mwamuna?"

Ndati tiyi ali m'fulasiki.

Panopa ali pakhonde. Tiyi wazizira. Chala chikungokwera ndi kutsika patsamba langa, akuwerenga keke iliyonse, dzina ndi dzina. Foni yalira kawiri, Ireen. Sanayankhe.

Ndimuuza mawa.

Kapena Loweruka.