Mkono Woyesera Ng'ombe

Lolemba, 3 Malichi
Kuchipatala. Bala la pamsongolo likadali kukamwa yasa. Ukwati wa mdzukulu wanga Rukhsana mwezi wamawa, ndipo ndinalumbira kuti ndikavina. Dokotala Selvarani akuti amatapo kansalu ka kolajeni, ulimbo uja wa m'chikopa cha ng'ombe. Akuti wa ng'ombe ndi wa munthu n'ngofanana, kusiyana kunsonga za ulusi wake basi, ndipo nsongazo amadula. Komabe matupi ena amazindikira mlendo n'kuyamba ndewu. Andibaya kadontho pamkono kuti aone. Pakatupa, basi, palibe kansalu. Ine moyo wonse kupala zikopa muno mu Ambur, ku India, lero ng'ombe zabwera kudzandilipira!

Lachiwiri, 4 Malichi
Mkono zii. Mpunga wa biriyani wochepa mchere. Potafuna ndinalira "mooo". Akazi anga a Zaibunnisa: "Bambo a Farooq, ndevu zoyerazo n'zobwereka?"

Lachinayi, 6 Malichi
Chitedze kuseri kwa fakitale yakale! Ndinapakako pang'ono pobayidwa paja. Kufiira, kutupa ngati banzi. Ndinawauza a Zaibunnisa kuti nyanga ikumera. Anataya chikho, kulira, kuitana aneba. Ndinaseka mpaka chifuwa. Koma kuyabwa kwake, mayo ine.

Lachisanu, 7 Malichi
Andikokera kuchipatala. Dokotala kungoyang'ana: "Agogo, thupi lanu lakana. Tizingotsuka balalo, lipola mochedwa. Ku ukwati mukakhala pampando." Pampando, ine? Ndinaulula za chitedze pomwepo. Nesi anathawira panja ndi chiseko. Dokotala sanaseke. Abaya mkono winawo, akuti kachitatu kulibe.

Lamlungu, 9 Malichi
A Zaibunnisa akulunga mkono ndi nsalu n'kusokerera ndi ulusi wofiira. Akuti womasula ndi dokotala yekha. Kumzikiti akundiperekeza mwana wanga Farooq ngati mkaidi. Rukhsana pafoni: "Agogo, mukapanda kuvina, inenso sindikwatiwa." Ndayeserera kuvina ndi mwendo umodzi, ndagwetsa ndowa.

Lachitatu, 12 Malichi
Kunsi kwa nsalu kukuyabwa. Chiyambire m'mawa. Sindinapakepo kanthu, Mulungu mboni. Mwina thukuta chabe. Mwinanso ayi, pakuti pakutentha. Ndawauza a Zaibunnisa kawiri. Akupeta mpunga, sanatembenuke n'komwe. Ndauza Farooq, akuti, "Yabwino imeneyo, bambo." Lumo abisa. Ndayesa ndi mano, ulusi wake wolimba, ndipo mano enieniwo atsala ochepa.