Matumba Asanu ndi Awiri a Amalume

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ine mwana wanu wachitatu, Lusekelo, ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani mwaulemu zimene zachitika chikuikireni m'manda ku Kaseye. Choyamba, mlongo wanga Tusayiwe wabereka mwana wamkazi, ndipo msonkhano wa banja unavomereza kuti atenge dzina lanu, Esnati. Akalira amamveka mpaka kudambo, ngati mmene munkatiitanira. Chachiwiri, mawere acha bwino, koma nyemba zadyedwa ndi mbuzi za aneba, nkhani yomwe idakali kukambidwa.

Chachitatu, chomwe ndi mutu weniweni wa kalatayi, ndakwezedwa. Ku ofesi ya gulu la alimi kuno ku Boma sindinenso mesenjala. Anandiika pa kompyuta mondiyesa, ndipo abwana ananena poyera kuti ndikalephera ndibwerera ku njinga ndi tsache.

Ntchito yanga ndi yolowa mu kompyuta yaikulu ya ku Lilongwe kudzera pa windo lakuda lopanda zithunzi, n'kuilamula kuti itumize mauthenga pa mafoni a alimi. Vuto ndi netiweki. Ya kuno imathawira ku Tanzania osatsanzika, ndipo ikatero ntchito imafera panjira.

Potero kunabwera Mayi Phiri, katswiri wochokera ku Zomba, amene Chitumbuka chawo chimathera pa "yewo chomene". Anandiphunzitsa chida chotchedwa tmux. Anati ndikalemba dzinali, ku Lilongwe kumatseguka chipinda, ndipo ntchito ndiziyambitsira mmenemo. Ndikadina Ctrl ndi B, kenako D, ndiye kuti ndatuluka, koma ntchito ikupitirira ngakhale netiweki itapita kukagula zitenje. Pobwerera ndizilemba tmux attach. Zonsezi ndinazilemba m'kope ndi bolopeni yofiira.

Lolemba ndinayambitsa uthenga woti mbewu yafika, membala aliyense abwere Lachisanu ndi thumba limodzi. Ndinadina D monga mwa malangizo, n'kupita kukamwa tiyi. Pobwerera ndinakumbukira mawu anu akuti, "M'nyumba imene watsanzika usabwereremo, angati ukufuna kudya kawiri." Ine ndinali nditatsanzika kale ndi D. Choncho mwaulemu ndinasiya attach, ndinangolemba tmux. Kunatseguka chipinda chopanda kanthu. Ndinati ntchito yafa monga mwa nthawi zonse, ndipo ndinaiyambitsanso. Pofika Lachinayi ndinali nditaiyambitsa ntchitoyo kasanu ndi kawiri.

Lachisanu m'mawa, woyamba kufika anali alongo anu, amalume a Simwaka, atamanga matumba asanu ndi awiri pa kaliyala wa njinga. Anati, "Mphwanga, foni yalira kasanu ndi kawiri, ndipo ine sinditsutsana ndi ofesi." Kumbuyo kwawo kunali njinga, mawilibala ndi ngolo imodzi ya ng'ombe ziwiri. Mbewu inali yokwanira thumba limodzi pa munthu. Abwana anandiyang'ana, kenako anayang'ana tsache.

Mayi Phiri analemba tmux ls, lomwe ndi lamulo loonetsa zipinda zonse. Zinatuluka zisanu ndi ziwiri pa mzere, chomaliza chikutumizabe mauthenga mwakhama. Anaseka mpaka kukhala pa thumba la mbewu. Anati, "Achimwene, mwamanga resitihausi ku Lilongwe osatiuza? Kompyuta si apongozi anu, muzilowa osaodira!" Atatero anazitseka zonse.

Abwana analamula kuti ndikafotokoze ndekha kwa alimi. Ndinaima pakhonde n'kuyamba kuti, "Ofesi ikupepesa chifukwa cha kuchuluka kwa zipinda." Palibe anamvetsa. Mwini ngolo anafunsa ngati ng'ombe zake zibwerere ndi chipepeso. Pamenepo amalume anakweza chipewa nati, "Musamudabwe, ndi mwana wa malemu Esnati. Mayi ake akakutuma mchere ankanena kasanu ndi kawiri, iwe uli nawo kale m'manja." Amayi, mundikhululukire, anthu anakusekani kwambiri, koma aliyense ananyamula thumba lake limodzi mwamtendere.

Anandipatsa mwayi womaliza, uthenga wa msonkhano wa Lachitatu. Mayi Phiri anati chipinda chikhale ndi dzina kuti ndisachisokoneze. Ndinalemba tmux new -s esnati. Ndinayambitsa ntchito, ndinadina D, ndinapalasa mpaka ku Kaseye kukaona khanda, mtima uli m'mwamba njira yonse. Mawa lake ndinalemba attach. Chipinda chanu ndinachipeza monga ndinachisiyira, ntchito yatha, mlimi aliyense walandira kamodzi. Tsache alipereka kwa wina.

Pomaliza, ndikupempha chilolezo chosintha pang'ono lamulo lanu la kutsanzika. Tsiku la maliro ndinakutsanzikani, ndipo chifukwa cha lamulolo sindinapondenso kumanda. Tsopano ndaona kuti munthu akhoza kutuluka m'chipinda koma osachitseka. Ndikulonjeza kuti mvula ikangosiya ndibwera ndi khasu kudzalambula, nditanyamula Esnati wamng'ono, ndipo ndidzafika osaodira. Udzu tidzatutira m'matumba asanu ndi limodzi amene amalume anawasiya ku ofesi, ati kuti akumbutse akuluakulu kuti akudikirabe mbewu yotsalayo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokhulupirika pa ntchito,

Lusekelo
Woyang'anira chipinda chimodzi