Masiku Atatu pa Shire Popanda Inu

Matope, Neno

Okondedwa achimwene a Jailosi,

Ndikhulupirira kuti ku Joniko akukusungani bwino. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikutupabe.

Ndapeza ganyu yophikira alendo amene akufuna kutsika mtsinje wa Shire pa bwato lopopa, masiku atatu, kugona m'matenti. Tinyamuka Lolemba. Dzulo wotitsogolera, a Limbani, anatiyesa majekete oyandamitsa, natiuza kuti zovala ndi foni tikulunge m'mapulasitiki. Atandipatsa nkhafi anadabwa. "Kodi chemwali, kupalasa kotereku anakuphunzitsani ndani?" Ndinati achimwene anga. Atafunsa komwe muli, ndinangoti ku Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano osaonana, eti.

Tsiku lachiwiri tidzadutsa pamiyala paja pamene bwato la abambo linatembenuka. Chichitikireni maliro sindinapondepo. Ndinkati tidzapita awiri, inu kutsogolo.

Amayi sanandiletse. Angoti ndibwereko msanga, poti Lachisanu adokotala kuboma akufuna kulankhula ndi mwana wawo wamkulu. Ndawauza kuti wamkuluyo ali kutali, ndikaimirira ine.

Yesetsani kubwera achimwene, mvula isanagwe. Amayi akamva basi ikuima kumsewu, amasiya kulankhula n'kutchera khutu.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Mwayi