Karoti wa Kadona

Lamulungu, 4 Meyi

Amayi abusa andipatsa ana ang'onoang'ono a Sande Sukulu kuti ndiwakonzekeretse za Lamulungu likubwerali, tsiku lothokoza Mulungu pa zokolola. Ine! Mumpingo muno muli aphunzitsi enieni, ena ovala magalasi, koma asankha ine wochapa zovala za anthu, amene sukulu ndinangoinunkhiza. Ati, “Inu ana amakumverani.” Kaya. Mwina akufuna anthu aone mmene ndigwere. Mwina akundimvera chisoni chifukwa bambo a Kadona anandisiya. Zonse ziwiri sindikuzifuna.

Ndawauza ana nkhani ya akhate aja amene anachira onse, koma wobwerera kukathokoza mmodzi yekha. Mwana wa atelala wafunsa ngati enawo khate linawabwereranso. Ndati akafunse abusa.

Kenako ndinaganiza chinthu changachanga, mpaka ndinadzimva wanzeru. Ndati aliyense abweretse cha kumunda kapena kudimba, tiziunjika m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi sabata yonseyi. Tsikulo aliyense adzaima kutsogolo atanyamula chake, n'kunena kuti, “Zikomo Mulungu chifukwa cha mvula ndi dzuwa, zikomonso chifukwa cha manja a uje amene anadzala.” Atchule mwini manja. Ndati Mulungu satsika ndi khasu, amabwereka manja a anthu. Amayi abusa zawasangalatsa.

Nanga ife tidzapereka chiyani? Nyemba za kuseri kwa nyumba zinatha ndi nsabwe. Kwatsala kadzungu kamodzi ngati chibakera.

Potuluka achemwali anandikokera pambali. Akuti bambo a Kadona akuuza anthu kuti sukulu ikatsekera, mwana azikakhala kwawo, kwa mkazi watsopano uja. Kadona ndi mwana wanga yekhayo. Mtima sukukhazikika.

Lolemba, 5 Meyi

Ndachapa makatani kunyumba ya adokotala, msana ngati wathyoka. Ndafika kunyumba Kadona kulibe. Wabwera dzuwa litapendeka, akuti anali kwa anzake. Anzake ati? “Anzanga basi.”

Lachiwiri, 6 Meyi

Ndapita ndi kiyi kukatsegula chipinda chija kuti ana aike zinthu. Ena chimanga, ena mbatata, mwana wa atelala wabwera ndi dzira limodzi m'chipewa, akuti nkhuku nayo ndi munda. Ndamusiya.

Kadona wabwera pomaliza, watsegula chikwama cha sukulu, n'kutulutsa mtolo wa karoti. Osati karoti wamba. Wonenepa, wowongoka, masamba ake akadali obiriwira, womangidwa bwinobwino ndi kansalu kachikasu kong'amba. Ana onse anati “eee!”

Ndinadikira tifike panjira. “Wamutenga kuti karoti?”

“Ndi wanga.”

“Wako bwanji? Kwathu kumamera karoti? Wamera pansi pa bedi?”

Wangoyang'ana nsapato. Nanenso ndinayang'ana nsapatozo. Matope akuda. Dothi la kwathu ndi lofiira, la kusukulu ndi mchenga.

Mphunzitsi wa kuthokoza, mwana wake wakuba. Adzaseka mpaka kugwa pa benchi.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndadutsa dala kwa bambo a dimba la pafupi ndi mlatho, ngati ndikungofunsa moyo. Ndati, “Masiku ano akuba sakuvutitsani? Mwina karoti?” Iwo kuseka. “Karoti? Ine ndi anyezi basi, mayi. Ngati mwaba karoti, mwaba kwina, kalapeni komweko.” Ndasekera nawo, koma anandiyang'ana nthawi yaitali. Tsopano akaona chasowa adzati ndi ine.

Ndafunsanso mayi wogulitsa masamba pa kona. Sanasowe kanthu. Akuti karoti wabwino chaka chino ali kumtunda, kuseri kwa chigayo, kumene kuli dothi lakuda.

Kuseri kwa chigayo ndi kumene bambo a Kadona akukhala ndi Uja.

Mulungu andikhululukire, koma ndagwada n'kupempha kuti mwana wanga akhale wakuba. Wakuba ndingamukwapule, tikapepese, zithe. Koma ngati akumupatsa?

Lachinayi, 8 Meyi

Ndanama kuntchito kuti dzino likundipweteka. Ndaima kuseri kwa kagolosale moyang'anana ndi geti la sukulu, nditafunda mpango mpaka m'maso ngati ndine wakubayo. Kadona watuluka, sanakhote njira ya kwathu. Wakwera kumtunda, osatembenuka n'komwe, ngati munthu wopita kwawo. Mwendo ukudziwa njira.

Ndamutsatira mpaka kuseri kwa chigayo. Mpanda wa kwa bambo ake ndi wa bango, uli ndi mipata. Ndasuzumira.

Bambo ake kunalibe. Kunali Uja yekha, mwana kumsana, wina akukwawa m'matope. Kadona wavula yunifolomu n'kuipachika pa msomali, msomali wake ndithu, watenga kandowa kakang'ono n'kuyamba kuthirira mzere wa kumapeto. Uja akuti, “Pansi, dona, pansi, usamasambitse masamba, si ana amenewo.” Kadona kuseka. Kuseka kwenikweni, mano onse panja. Kwathu anaseka choncho liti? Sindikukumbuka.

Ndiye karoti ndi wake ndithu. Sananame. Mzere wake, kandowa kake, msomali wake. Chatsala ndi bulangeti lake basi.

Umu ndi mmene amatengera mwana. Sabwera ndi galimoto. Amayamba ndi karoti.

Ndabwerera kunyumba. Dzino layamba kupwetekadi.

Lachisanu, 9 Meyi

Sindinamuuze kuti ndinamuona. Ndamuphikira tiyi wa mkaka, ndamuluka tsitsi modekha. Iye akundiyang'ana mokayikira, inenso ndikumuyang'ana mokayikira. Nyumba ya anthu awiri, apolisi awiri.

Achemwali abwera, ndawauza zonse. Ati, “Karotiyo kamutaye kuchimbudzi, ndipo usadye. Ukudziwa chimene anathiramo?” Kenako ati, “Komatu iwe, lamulo lako lija la manja. Lamulungu mwanayo adzatchula manja a ndani?”

Ndinali ndisanaganize. Ndinangokhala pansi pomwepo. Mwana wanga adzaima kutsogolo, mpingo wonse ukumva, n'kuthokoza Mulungu chifukwa cha manja a mkazi amene ananditengera mwamuna. Ine nditaima pambali pake kuwongolera mzere. Ndipo msampha umenewu ndinatchera ndekha, ndikudzimva wanzeru.

Kapena Amayi abusa ankadziwa? Anavomera mofulumira kwambiri.

Achemwali ati ndichotse za manjazo, ana angoti zikomo Mulungu basi. Koma ana aloweza kale. Mwana wa atelala akuyenda m'njira akuthokoza manja a nkhuku.

Loweruka, 10 Meyi

Kuyeserera ku tchalitchi. Onse anena bwino, ena mokuwa ngati akugulitsa. Itafika nthawi ya Kadona, wanyamula karoti, wati “Zikomo Mulungu chifukwa cha mvula ndi dzuwa,” n'kuima. Ana ayamba kumunong'oneza, “Manja! Manja!” Ndati tipitirire.

Titatsala awiri, ndikusesa makoko a chimanga, wabwera kumbuyo kwanga.

“Amayi, ndinakuonani pa mpanda. Mpango wanu ndimaudziwa.”

Tsache linangoima.

“Mawa nditchule manja anu? Ndingathe. Palibe adzadziwe.”

“Ndinadzala ine?”

“Ayi.”

“Nanga?”

“Koma mukhumudwa.”

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akufuna kunama m'tchalitchi kuti atetezere mayi wake. Ndamufunsa chimene ndinkaopa kufunsa sabata yonse: “Ukufuna kukakhala kumeneko?” Wayankha kuti, “Ndimafuna kudzala.” Si inde, si ayi. Ndakhala ndikutembenuza mawu amenewa ngati malaya pa chingwe, sakuuma.

Ndamuuza kuti atchule amene anadzala naye. Mawu anatuluka okha, pakamwa panali powawa ngati ndatafuna mankhwala. Ngati ndimuphunzitsa kuthokoza monama, ndiye ndamuphunzitsa chiyani?

Kadzungu kathu ndakathyola. Ndikapereka ndekha, manja ake ndi anga.

Lamulungu, 11 Meyi

Uja anabwera. Sapemphera kwathu kuno, koma anabwera, n'kukhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo, mwana pamiyendo. Ndani anamuuza? Mitu ya azimayi inayamba kutembenuka umodzi umodzi, kwa iye, kwa ine, kwa iye. Achemwali anandikodola ndi maso kuti waona? Bambo a Kadona sanabwere. Iwo ndi oyambitsa moto basi, kuzimitsa ayi.

Ana anayamba. Chimanga, mbatata, dzira. Anthu anaseka za nkhuku, abusa mpaka kupukuta misozi. Kenako Kadona. Mvula ndi dzuwa ananena bwino. Pa manja anaimanso, n'kuyang'ana ine. Tchalitchi chonse zii, ngakhale makanda.

Ndinati, “Nena, mwanangu.” Ndinkafuna kunong'ona koma zinamveka mpaka kumbuyo.

“Zikomonso chifukwa cha manja a amayi aang'ono, amene anandiphunzitsa kudzala.”

Amayi aang'ono. Chabwino. Wina kumbali ya kwaya anati “hmm.” Ine ndinati “Amen” monga ndinanenera kwa ana ena onse, n'kukankhira wotsatira kutsogolo. Sindinagwe. Sindikudziwa anandigwira ndani.

Titatuluka ndinafuna kuzemba, koma Uja anandipeza pa mpopi ndikutsuka manja. Kwa nthawi yoyamba kuyang'anana pafupi. Ndi wamng'ono kuposa mmene ndinkaganizira, maso otopa.

Ati, “Mayi a Kadona, ndimve kwa inu, mukuganiza kuti ndikukulandani mwana?”

Ndati, “Anthu akutero.”

“Anthu ake ndi bambo akewo. Pakamwa pawo mumapadziwa kuposa ine. Ine awiriwa akundikwana, bulangeti ndi limodzi, wachitatu ndimufunditsa chiyani, masamba a karoti? Mwanayu anabwera yekha kudzafuna bambo ake, sanawapeze, anapeza ine ndikupalira. Ndikanamuthamangitsa?”

Mawu okoma ndimawaopa kuposa otukwana. Anandiyang'ana pang'ono n'kupita.

Amayi abusa ati ndachita bwino, chaka chamawa ndidzachitenso. Aone wina.

Kadona wabwera nane kunyumba, wandigwira dzanja njira yonse. Kaya ndi chikondi, kaya ndi kutsanzika.

Lolemba, 12 Meyi

Ndabwera kuntchito ndikuyembekeza kupeza nyumba yopanda munthu. Ndapeza Kadona kuseri, pamene panali nyemba paja, akulimbana ndi khasu lalitali kumuposa. Pakhonde pali beseni lakale lodzaza mbande za kabichi, mizu yake ili m'dothi lakuda, ndi thumba la manyowa. Kandowa kake kaja kalinso pomwepo.

Akuti amayi aang'ono anamuperekeza mpaka pa kona, sanafune kufika pakhomo. Ati dothi lofiira si loipa, likungofuna manyowa, ndipo mbande zikaokedwa zimafuna madzi tsiku lililonse akaweruka kusukulu, osajomba, ndiye kumtunda azingopita Loweruka ngati amayi alola.

Ndaima nthawi yaitali ndikuyang'ana besenilo. Ndanunkhiza manyowa. Ndafukula dothi ndi kamtengo kuona ngati muli china chake. Muli nyongolotsi basi. Mwina ndi nzeru zina zimene sindinazitulukire. Achemwali akamva adzati ndapusa.

Kadona wati, “Amayi, dzuwa likulowa, zifota.”

Ndamulanda khasu, akanadzitema phazi. Ndafunsa kuti mizere italikirane bwanji. Wandionetsa ndi mkono wake, kuyambira pa chigongono mpaka kunsonga ya chala, n'kunena kuti ndikukumba mozama kwambiri.