Waya Wopotedwa Chakumanzere

9 Ogasiti

Okondedwa alongo anga,

Kalatayi ndi yanu, koma nkhani yake ndi ya amuna anu, Amanzere. Musawabisire. Ngati maso awo anafooka ngati angawa, muwawerengere mokweza, ndipo powerengapo muziwayang'ana kumaso.

Moyo kuno uli choncho. Miyendo yatupa, ndipo adokotala akandiyeza amakalankhula ndi mpongozi wanga kunja kwa chitseko, ine n'kutsala ndekha nsapato zili m'manja. Sindine mwana, tanthauzo lake ndikulidziwa.

Mukuikumbukira ampu ija yokuzira nyimbo imene ndinapanga ndekha m'bokosi la matabwa a kabati yakale ya amayi? Inali ndi kagetsi kofiira kutsogolo, kamene inu munkakatcha diso la khoswe. Mukukumbukiranso ukwati wa mwana wa mwini golosale, holo itadzaza, ine nditavala tayi yobwereka. Ndinayatsa, kagetsi kanayaka, koma masipika anangoti zii. Ndinafuna kutsegula kumbuyo kuti ndione fyuzi, koma Amanzere, amene nthawi imeneyo tinkakonza zamagetsi pa benchi limodzi, anandigwira mkono. "Achimwene, musataye nthawi. Kagetsi kakuyaka, ndiye kuti fyuzi ili bwino. Onani nthambo za masipika." Ndinakwawa kunsi kwa matebulo ngati galu, anthu akuseka, wina n'kukuwa kuti, "Amisiri, ingotiimbirani pakamwa basi!" Kenako Amanzere anati mwamwayi ali ndi ampu yawo pafupi, m'galimoto ya mnzawo. Mwamwayi! Kuyambira tsiku limenelo maukwati onse anapita kwa iwo, ine n'kutsala wokonza matochi. Chaka chisanathe anatenganso inuyo.

Ampuyo ndinaikankhira kunsi kwa bedi, osafuna kuionanso. Sabata yathayi mpongozi posesa anaikoka. "Bambo, chibokosi ichi mukuwetamo mphemvu? Ndikataye?" Ndinati achiike patebulo. Nditalumikiza kumagetsi, kagetsi kaja kanayaka, mawu osatuluka, ndendende tsiku lija. Ndinazimitsa n'kumasula masikulu. Fyuzi inali yakuda bii, yopsa kalekale. Ndinaizula n'kuiika m'sosala. Ndiye tamvani alongo: fyuzi ili m'sosala, ndayatsanso, kagetsi kakuyakabe!

Sukulu sindinapite nayo patali, koma izi sizifuna satifiketi. Ine kagetsiko ndinakalumikiza kuseri kwa fyuzi, kuti fyuzi ikapsa nakonso kazime, kandiuze zoona. Poyamba ndinakayikira swichi, koma nditaiyeza inali bwinobwino. Ndinati mwina dzimbiri lagwirizanitsa mawaya, ndinapalapala, palibe. Pomaliza ndinatsata waya wa kagetsiko ndi chala pang'onopang'ono, mpaka ndinaupeza utasamutsidwa, wina atauwotcherera kutsogolo kwa fyuzi. Pamalo pake pakale pangotsala kachitsa kodulidwa ndi pulayala. Munthu anakaphunzitsa kunama kagetsi kanga, ndipo fyuziyo sindikhulupirira kuti inapsa yokha.

Mtovu wanga wowotcherera mumaudziwa, wosalala ngati dontho la madzi. Uwu waunjikana ngati chitosi cha nkhuku. Ndipo wayawo anaupota chobwerera, mmene amapotera munthu wogwira ndi dzanja lamanzere. Pamsewu wathu wonse uja, amisiri amanzere analipo angati?

Mpongozi akuti, "Bambo, mwina munasintha nokha n'kuiwala, si lero limeneli." Ndi mwana wabwino, koma amakhulupirira aliyense, ngakhale ogulitsa mankhwala m'basi. Munthu amaiwala dzina la mdzukulu, osati waya wake.

Koma chimene chikundisowetsa mtendere si Amanzere okha ayi. Ampu ija inkakhala m'chipinda chakumbuyo kwa amayi, ndipo makiyi anali awiri. Wina anali m'thumba mwanga. Winayo munkamumangirira pangodya ya mpango wanu. Kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati wa muholo uja uchitike, ndinakupezani mukutsuka makapu awiri, ndipo munati kunabwera mlendo wodzabwereka pulayala. Sindinafunse kuti ndani. Leronso sindikufunsa. Ndikungoti ndakumbukira. Zaka zonsezi mukanditumizira juzi ndi sopo ndinkati ndi chikondi cha mlongo. Tsopano ndikavala juziyo imandiyabwa, ndimaganiza kuti mwina kunali kupepesa.

Mundiperekere moni kwa ana onse, ngakhale ena nditakumana nawo pamsewu tingapitirirane. Muwauze kuti amalume awo sanabadwe ali wokonza matochi. Inuyo ndimakusowani, zimenezo sindingabise, ndipo kukacha mpando umene munkakonda uja ndimaupukutabe fumbi. Moni wa Amanzere ndausunga, ndidzapereka ndekha.

Chimene ndikupempha ndisanatsikire kuli chete n'chimodzi. Amanzere asanditumizire kanthu, asandilembere kalata. Abwere adzakhale patebulo langa, achotse wayawo ndi dzanja lawo lomwelo, aubwezere pamene anaudula, ine ndikuona. Fyuzi yatsopano ndagula kale, chitsulo chowotcherera chikugwirabe moto. Inu mubwere nawo. Simudzafunika kunena kanthu, mudzangowagwirira tochi. Akatha tidzayatse ampuyo, ilire kamodzi kokha atatu tonse tikumva.

Musachedwe, alongo. Ine sindili ngati kagetsi kaja. Fyuzi yanga ikapsa, ndizima.

Ndine mlongo wanu,
Amisiri a benchi lakale